Dzina la Delia pa Mpendero wa Nsalu

Mukafika kwathu ku Nsefu n'kufunsa telala, adzakulozerani khonde la a Esnati Mwale, ngakhale matelala alipo atatu. Awiri enawo ndi amuna. Amasoka msanga, koma buluku lawo limakuchititsani manyazi musanafike n'komwe kutchalitchi. A Esnati amachedwa, amakalipa, amakuuzani pamaso kuti mwanenepa, koma msoko wawo umatsala nsalu itatha. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi awiri, kuyambira pamene ndinabwera kudzaphunzitsa pasukulu ya pano mpaka ndinapuma ntchito. Takanganapo za nkhuku, za utsi, ndiponso za amene amasokoneza mawu kukwaya. Mayi ameneyu ndimamukonda, ngakhale sindinamuuzepo.

Anabadwira ku Jumbe, m'banja la wokonza njinga. Sukulu anaisiyira giredi thu, ndipo kuwerenga sadziwa, koma mukangoyezedwa kamodzi, chiuno chanu amachisunga m'mutu mpaka chaka cha mawa. Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo. Atakwatiwa ndi a Benwell, mlimi wa thonje wosayankhula zambiri, anatsikira kuno kuchigwa, makina awo opalasa ndi phazi atamangidwa padenga la minibasi. Mwana wawo woyamba anali wamkazi, Delia, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu mudzi wonse unayamba kuwaitana kuti amake Delia.

Delia ndinamuphunzitsa ine. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anayamba kudandaula mutu ndi kutentha thupi. Tonse tinati ndi malungo, anamwa mankhwala a malungo, anakhalako bwino, kenako zinabwereranso. Anayamba kuodzera m'kalasi dzuwa lili pamutu, pensulo ili m'manja. Ine ndinamukalipira kawiri pamaso pa anzake kuti ndi waulesi, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Pamene anamutengera kuchipatala chachikulu anali atafooka kale. Madokotala anapeza m'magazi mwake tizilombo ta matenda a kaodzera, amene amabwera ndi ntchentche yoluma ija timaitcha kashembe. Mwanayo sanabwerere kunyumba wamoyo.

Pamaliro anthu sanakhutire ndi za madokotala. Ankanong'onezana kuti kashembe amatiluma tonse tsiku ndi tsiku panjira ya kudimba, nanga bwanji wafa mwana uyu yekha? Ntchentcheyo inachita kutumidwa, iwo ankatero. Ndipo wotumayo sanavute kumupeza, chifukwa chaka chomwecho a Benwell anali atakangana za malire a dimba ndi a Paskale Njobvu, bambo wachete amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Palibe anawathamangitsa a Paskale, palibenso anawayang'ana m'maso n'kuwanena. Kungoti a Esnati anasiya kuwapatsa moni, akazi ena anatsatira, ndipo bamboyo anayamba kulambalala khonde la telala podzera kuseri kwa nkhokwe. Anthu anasiyanso kutchula dzina la mwanayo kuopa kuutsa chisoni. A Esnati anasanduka amake Jonah, kutengera mwana wachiwiri, ndipo zinakhala choncho zaka khumi ndi zinayi.

Musaganize kuti zaka zonsezo anakhala akulira. Anasoka mayunifomu a sukulu yonse, anamanga nyumba ya malata, anakwatitsa Jonah, analandira zidzukulu ziwiri. Ankaseka kwambiri, makamaka akamaseka ine.

Chaka cha dzana kunabwera mnyamata wa kafukufuku wochokera kuyunivesite ku Lusaka, dzina lake Ruben, pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga mipukutu iwiri ya nsalu, wina wabuluu, wina wakuda. Ankafuna telala woti alumikize nsaluzo, yabuluu m'mbali, yakuda pakati, ndi kupinda mipendero yolowetsamo ndodo. Anafotokoza kuti kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ali patali, akafika amatera pakuda. Nsaluzo akaziviika m'mankhwala n'kuziimika m'thengo, kashembe akangotera amakafera kutsogolo. Ankafuna zokwana makumi anayi, zoti ziime m'mbali mwa njira yathu ya kudimba, imene imadutsa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya mpaka kumtsinje.

A Esnati sasoka chinthu chimene sanachimvetse. Anamukhazika Ruben pa mpando wa makasitomala n'kumufunsa mafunso mpaka tiyi wake anazizira. Ine ndinali pomwepo, ndikunamizira kusankha mabatani. Anafuna kudziwa kuti tinsalu makumi anayi tingathe bwanji ntchentche za thengo lonse. Ruben anati kashembe sali ngati ntchentche ya pachimbudzi yoikira mazira ambirimbiri. Iyeyu amatenga pakati, amasunga mwana mmodzi m'mimba, amamudyetsa chinthu chonga mkaka, kenako n'kumubereka, ndipo pa moyo wake wonse amabereka ana owerengeka. Ukapha mayi mmodzi wapha banja lonse. A Esnati anaimitsa makina. Ndinaona kuti zawakhudza, kumva kuti chimene chinawalanda mwana nachonso chimabereka mmodzimmodzi ngati munthu.

Kenako anafunsa funso limene analisunga zaka zonsezo, ngakhale sanatchule za mwana wawo.

"Nanga imatiluma tonse. Bwanji wina amadwala, wina osadwala?"

"Amai," anatero Ruben, "pa ntchentche mazanamazana, mwina imodzi yokha ndiyo ili ndi tizilombo. Imatitenga ikaluma mbawala kapena njiri. Ikachoka pamenepo imangoluma amene wadutsa. Siidziwa dzina la munthu."

A Esnati anangoyambanso kupalasa makina, mwamphamvu kuposa mmene nsaluyo inkafunira.

Nsalu zinaima mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake. Zinali zokongola, ndipo apa ndi pamene panali vuto. Nsalu yolimba chotero kuno sitiiona kawirikawiri, ndiye wina aitenge n'kukaipachika m'thengo kuti anyani aziionera? Mwezi usanathe zisanu ndi zinayi zinali zitasowa. Ruben anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, anabwera ndi zithunzi, anayankhula bwino kwambiri. Pofuna kuopseza anthu anatsindika kuti nsaluzo zili ndi mankhwala amphamvu, kachilombo kalikonse kakangogunda kamafa. Mwana wa m'tauni uja sanadziwe chimene wachita. Anthu anabwerera kwawo akugwedeza mitu mokhutira, chifukwa anali atamva kumene kukupezeka mankhwala aulere a nsikidzi ndi anankafumbwe. Sabata yotsatira zinasowa zina zisanu ndi ziwiri.

Pano ndiyenera kuulula, poti ndakalamba ndipo manyazi anachepa. Imodzi mwa zisanu ndi ziwirizo inali kuchipinda kwanga, itafunditsidwa pa matumba a chimanga. Ine amene ndinaphunzitsa ana a mudzi uno za ukhondo zaka zonsezi! Anankafumbwe anafadi, zimenezo sindikana.

Zina mwa nsaluzo zinayamba kubwerera kwa mwini wake. Mayi ankafika pakhonde ndi kansalu kabuluu kochapidwa bwino, n'kunena kuti wagula ku Chipata, akufuna siketi. A Esnati ankangotembenuza mpendero, n'kuona msoko wawo womwe. Ankamuuza mayiyo kuti akavala zimenezo n'kupita kudimba ndiye kuti wasanduka nyambo yoyenda ndi miyendo, kashembe wa thengo lonse adzamutsata iye ndi mwana ali kumsana. Ena ankamva, ena ankangopita kwa matelala aamuna aja. Ruben anayesa kung'amba nsaluzo ndi lumo m'malo atatuatatu kuti zisasiririke. Anthu anazitengabe n'kukazisoketsa, ndipo a Esnati anakwiya masiku awiri kuti ntchito yawo yacheredwa ngati nsomba yoyanika.

Cha mu Disembala Ruben anabwera nkhope itagwa. Akuluakulu ake anali atanena kuti abwezeretsa zosowazo kamodzi kokha. Mvula ikatha, mwezi wa Epulo, adzabwera kudzawerenga, ndipo akadzapeza kuti zambiri zasowanso, adzazula zonse n'kupita nazo kudera lina. A Esnati anamva zimenezi maso ali pa zidzukulu zawo, zimene zinkasewera ndi zidutswa za nsalu pansi pa makina. Ana amenewo amadutsa njira ya kudimba m'mawa uliwonse ndi mayi wawo. Kuyambira pamene nsalu zinaima, mkazi wa Jonah ankati ntchentche zachepa, sakufikanso kumtsinje akudzimenya makofi m'khosi. A Esnati sankafuna kuti nsalu zimenezo zichoke, ndipo ankanena poyera kuti akuchita mantha.

Nzeru inawabwerera pa maliro a bambo wina wa kutsidya. Malaya a malemuyo, atsopano ndithu, anatsala pachingwe kuseri kwa nyumba sabata yathunthu, m'mudzi momwe ngakhale sopo wotsala sagona panja. Palibe anawagwira. Kwathu kuno chovala cha womwalira sichivalidwa mpaka abale atakhala pansi n'kuchigawa, ndipo ngakhale wakuba weniweni zimenezo amazidziwa.

M'mawa mwake anabwera kwanga ndi choko chawo cholembera nsalu. Sanakhale pansi.

"Aphunzitsi, mundilembere dzina. Malemba akuluakulu, oti nditsatire ndi singano."

"Dzina la ndani?"

"La mwana wanga woyamba."

Ndinalemba malemba asanu aja pa pepala, omwe aja ndinkawalemba tsiku ndi tsiku m'kaundula. Ndiyeno, poti pakamwa panga sipagona, ndinawakumbutsa chimene anthu adzawerenge pamenepo. Dzina la mwanayo likaima pa nsalu ya kashembe, ndiye kuti a Esnati alengeza kumudzi wonse kuti chimene chinapha mwana wawo ndi ntchentche, osati munthu. Iwo anandiyankha kuti zimenezo akuzidziwa, sanabwere kudzafuna malangizo, anabwera kudzafuna malemba. Potuluka anaima pakhomo n'kuwonjeza kuti ndibweze nsalu ili pa chimanga changa, chifukwa mpendero wake ukuonekera pawindo.

A Benwell atauzidwa anangodya, anatenga khasu, anapita kumunda. Masiku atatu nyumba imeneyo inali zii, moti ine ndinaganiza kuti nkhaniyo yafera pomwepo. Tsiku lachinayi anabwera kuchokera kuthengo atasenza mitengo iwiri yowongoka ya tsanya, imene chiswe sichidya msanga. Anaisenda makungwa, anaitsamiritsa pakhonde la makina, n'kuwauza akazi awo kuti nsalu ya mwanayo isaime pa ndodo wamba.

Amene anavuta anali Ruben. Iye anachita mantha kuti ulusi woyera pa nsalu yakuda uthamangitsa ntchentche, ntchito yonse n'kuwonongeka. A Esnati anati ndiye afunse ntchentchezo. Mnyamatayo anaseka, koma anachitadi zomwezo. Anaimika nsalu ziwiri motalikirana, ina ya dzina, ina yopanda dzina, anazipaka ulimbo wake wa m'chitini, n'kumazisinthanitsa malo tsiku lililonse kwa masabata awiri. Madzulo aliwonse ankabwera pakhonde ndi kambale ka ntchentche zakufa, iye ndi a Esnati n'kumaziwerenga ndi nsonga ya singano, kusiyanitsa zazikazi ndi zazimuna. Anapeza kuti malemba aang'ono a pampendero wa m'munsi sasintha kanthu. Ruben analemba zimenezo m'buku lake mosangalala, ndipo anaumirira chinthu chimodzi, kuti dzina lililonse lisokedwe banja lake litavomera.

Nsalu ya Delia inaima pa mphambano, pamene njira ya kudimba imasiyana ndi ya kusukulu. Tsiku loyamba anthu ankadutsa mofulumira, maso kumbali. Ana a sukulu ndiwo anayamba kuwerenga mokweza, poti ana amawerenga chilichonse. Akazi ena anati a Esnati apenga, akuyanika mwana wawo pamsewu. Koma pofika Lamlungu mayi wina wokalamba anabwera pakhonde n'kunena kuti mwamuna wake nayenso anafa akugona masana, kalekale, ndipo anthu anati anapondera mankhwala. Anapempha kuti dzina lake lisokedwe. Kenako anabwera wina wa mchimwene wake, wina wa mwana wa mlongo wake. Ine ndinkalemba, a Esnati ankasoka. Sindingalumbire kuti onsewo anafadi ndi kaodzera, ndipo Ruben nayenso ankatero, koma nsalu zonse makumi anayi zinapeza mayina.

Apa Ruben anapezapo chimene sanabwere kudzafuna. Aliyense wobweretsa dzina ankafotokoza kumene malemuyo ankalima, kumene ankatunga madzi, kumene ankatchera nsomba. Mnyamatayo anayamba kuika timadontho pa mapu ake, ndipo timadontho tambiri tinaunjikana pamalo amodzi, pa dooko lakale la pansi pa mvunguti, pamene mbawala zimatsikira kudzamwa. Malowo iye sanaikepo nsalu ngakhale imodzi, chifukwa pa mapu ake panalibe njira. Anasamutsirako zisanu ndi imodzi. Pambuyo pake anandiuza kuti zimene anamva pakhonde la telala m'masabata atatu sakanazipeza ndi njinga yake yamoto chaka chathunthu.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho, udzu unakula mpaka m'mapewa. Nsalu zoterezi zimafuna kulimiridwa mozungulira kuti kashembe aziziona ali patali, ndipo Ruben sakanatha kufika kuno mitsinje itadzaza. Panalibe amene analamula, koma banja lililonse linayamba kulimira nsalu ya m'bale wake popita kudimba. Wina ankamangitsa chingwe chikamasuka, wina ankawongola ndodo ikapendama. Ya kwa ine ndinaibweza, mwakachetechete, itasokedwa dzina la mwamuna wa gogo uja.

Chimene chinkawadabwitsa a Esnati n'chakuti ya Delia ankaipeza yolimiridwa kale. Akapita Lolemba ndi khasu, udzu unali utapalidwa bwino, dothi likadali lonyowa. Anaganiza kuti ndi a Benwell, ndipo sanawafunse kuopa kuwachititsa manyazi. A Benwell nawo ankaganiza kuti ndi akazi awo. Ine ndinkadziwa. Tsiku lina m'mawa ndikupita kukathyola ndiwo ndinapeza a Paskale ataima pa mphambano, khasu lili paphewa, akuyang'anitsitsa mpendero. Tsitsi lawo linali litayera lonse. Anandipatsa moni mwamantha, ngati munthu wozolowera kusayankhidwa, n'kundipempha kuti ndiwawerengere, poti anamva ana akutchula koma ankafuna kumva kwa munthu wamkulu. Ndinawawerengera. Anafunsa ngati amene anasoka ndi mayi ake enieni a mwanayo. Nditavomera, anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Anandipempha kuti ndisauze munthu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinasunga chinsinsi miyezi iwiri.

Mu Epulo anabwera owerenga aja, Ruben ndi akuluakulu ake awiri, pa galimoto. A Esnati anatseka makina n'kuyenda nawo njira yonse mpaka kudooko, ine pambuyo ndikupuma wefuwefu. Anapeza nsalu makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi zili chiimire. Yotsalayo inali pansi, itapondedwa ndi njovu, ndipo eni ake anali ataipinda bwino n'kuitsamiritsa pamtengo kudikira ndodo zatsopano. Mmodzi wa akuluakuluwo anafunsa kuti mlonda wa nsaluzi ndi ndani. Ruben analoza a Esnati, iwo n'kunena kuti sanalonderepo kanthu, iwo ndi telala chabe. Akuluakuluwo anagamula kuti nsalu zikhala, ndipo aziziviikanso m'mankhwala chaka chilichonse. Pobwerera a Esnati anayenda patsogolo akuimba nyimbo ya kukwaya, molakwitsa monga mwa masiku onse.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinaphwanya lonjezo langa. Ndinaona kuti ntchito yatha, ndipo si bwino kuti mayiyu azithokoza mwamuna wake pa udzu umene sanalime. Ndinawauza zonse. A Esnati anamvetsera akulowetsa ulusi m'singano, anaphonya katatu, n'kunena kuti kwada, maso sakuona. Kunja kunali kukadali kowala.

Sabata yotsatira anatuma uthenga kudzera kwa mkazi wa Jonah, wonena kuti amva zoti a Paskale akuyenda ndi buluku long'ambika pabondo, ndipo zikunyozetsa mudzi umene uli ndi telala. Ndi mmene a Esnati amapepesera, njira ina saidziwa. Bamboyo anadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu m'masana ndinawaona akubwera, osati kuseri kwa nkhokwe, koma pakati pa bwalo, kabuluku katapindidwa m'khwapa. Anaima patali pang'ono ndi khonde, anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, amake Delia?"

Makina anaima. Zaka khumi ndi zinayi panalibe amene anawaitana choncho, ndipo ine ndinaopa kuti bamboyo walakwitsa. Koma a Esnati anachotsa mulu wa mayunifomu pa mpando wa makasitomala n'kuupukuta ndi chitenje chawo.

"Ndaswera bwino, a Njobvu. Khalani apa. Bulukulo litenga nthawi."

Linali bowo loti akanalitseka madzi a tiyi asanawire. Analisoka mpaka dzuwa linapendeka, a Paskale ali pampando, a Benwell atabwera kudzakhala pa mtondo chapafupi, akukambirana za njovu zimene zinalowa m'madimba. Kuyambira tsiku limenelo dzina lija linabwerera m'mudzi. Ana a sukulu akatumidwa ndi yunifomu yong'ambika amati akupita kwa amake Delia, ndipo a Esnati amayankha.